Berlin: Sabata Imodzi M'malo a Nkhondo ya Mawu

Lolemba: Tempelhof

Nkhondo ya Mawu inali mkangano wa pakati pa America ndi Soviet Union Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse itatha. Germany inagawika pawiri, Berlin nayonso, ndipo West Berlin inali mkati mwa chigawo cha a Soviet, chimene chinadzakhala East Germany. Musanapite kulikonse mu Berlin, yambani mwamvetsa za matikiti. Mzindawu anaugawa zigawo zitatu, A, B ndi C. Tikiti ya AB imakwanira malo ambiri amene tikambe pano, koma bwalo la ndege la BER ndi tauni ya Potsdam zili m'chigawo C. Pa masiteshoni palibe geti. Tikiti ya pepala mumaidinda nokha pa kamakina ka papulatifomu musanakwere, ndipo oyendera, amene nthawi zambiri amavala zovala wamba, akakupezani ndi yosadinda faindi yake ndi 60 euro. Lolemba nyumba zambiri zosungiramo zakale zimakhala zotseka, n'chifukwa chake tayambira panja.

Tatsika sitima ya U6 pa Platz der Luftbrücke, pafupi ndi bwalo lakale la ndege la Tempelhof. Ukangotuluka umaona chipilala cha konkire chopindika, cha nthiti zitatu zoloza kumadzulo. Nthitizo zikuimira njira zitatu za mumlengalenga zimene ndege zinkaloledwa kudutsamo pobwera ku West Berlin, iliyonse makilomita 32 m'lifupi. Patsinde pake pali mayina a anthu amene anafera pa ntchito yobweretsa chakudya ndi malasha pa ndege mu 1948 ndi 1949, 39 a ku Britain ndi 31 a ku America.

Nkhani yake inayamba ndi ndalama. Mu Juni 1948 mayiko a azungu a kumadzulo anabweretsa ndalama yatsopano m'zigawo zawo za Germany, ndipo pa 24 Juni a Soviet anatseka misewu, njanji ndi mitsinje yolowera ku West Berlin. Anthu oposa 2 miliyoni anatsala opanda njira yolandirira chakudya ndi malasha. Mzindawu unkafunika matani osachepera 4,500 patsiku, pamene ndege ya C-47 inkanyamula matani atatu okha ndipo ya C-54 pafupifupi khumi.

Poyamba zinkasokonekera. Pa 13 Ogasiti 1948 kunachita mvula ndi chifunga, ndege imodzi inapsa kumapeto kwa msewu wotera, zina zinangounjikana m'mwamba kudikira mpata. Kuchokera tsiku limenelo mkulu wa ntchitoyi, William Tunner, analamula kuti ndege iliyonse iziyesa kutera kamodzi kokha. Ikaphonya, izibwerera ndi katundu wake kumene yachokera, kuti zinzake zam'mbuyo, zimene zinkabwera motalikirana mphindi zitatu, zisaime. Njira ya kumpoto ndi ya kummwera zinali zolowera, ya pakati yotulukira. Oyendetsa anawaletsa kuchoka pambali pa ndege pamene akutsitsa katundu. Mbatatesi ankazinyamula zouma, ndipo m'malo mwa buledi ankanyamula ufa, poti madzi amalemera pachabe. Fumbi la malasha linkalowa m'zingwe zowongolera ndege n'kumazidya. Mchere unali woipa kuposa pamenepo, mwakuti ankaupatsa ndege zotera pamadzi za Sunderland, zimene zinkatera pa mtsinje wa Havel, chifukwa zinapangidwa kale kuti zizipirira madzi a mchere. Mwa oyendetsa ndegewo munalinso a ku South Africa.

Misewu inatsegulidwa pa 12 Meyi 1949. Ntchito yonse itatha, maulendo anaposa 270,000 ndipo katundu anakwana matani 2.3 miliyoni, magawo awiri mwa atatu ali malasha. Bwalo la Tempelhof linatsekedwa mu 2008, pano ndi paki yaulere. Yendani wapansi pa msewu woterawo mpaka kummawa kwake, muone kuyandikira kwa nyumba zosanja za ku Neukölln zimene ndege zinkadutsa pamwamba pa madenga ake.

Lachiwiri: Potsdam

Tikiti ya ABC, sitima ya S7 mpaka Wannsee, kenako basi 316 mpaka pa mlatho wa Glienicke. Mlathowu ndi waufupi ndipo palibe cholipira. Yang'anitsitsani penti wake: theka la ku Berlin ndi lobiriwira modera, theka la ku Potsdam ndi lobiriwira mopepuka, chifukwa mbali iliyonse inkapenta gawo lake payokha. Pakati pake ndi pamene anasinthana akaidi pa 10 Febuluwale 1962, Francis Gary Powers, woyendetsa ndege ya ukazitape ya U-2 imene a Soviet anaigwetsa mu 1960, ndi kazitape wa Soviet Rudolf Abel.

Kuchoka pamenepo tayenda m'mbali mwa nyanja mpaka ku nyumba yachifumu ya Cecilienhof. Kuno n'kumene atsogoleri Truman wa America, Stalin wa Soviet Union ndi Churchill wa Britain anakumana kuyambira pa 17 Julayi mpaka pa 2 Ogasiti 1945, ngakhale Churchill analuza chisankho msonkhano uli mkati ndipo Attlee, amene anamulowa m'malo, ndiye anamalizitsa. Bomba loyamba la atomu analiyesa m'chipululu cha New Mexico pa 16 Julayi, msonkhano usanayambe ndi tsiku limodzi. Pa 24 Julayi Truman anauza Stalin kuti America ili ndi chida chatsopano choononga modabwitsa. Stalin sanaonetse kudabwa. Akazitape ake, mmodzi mwa iwo Klaus Fuchs, anali atamuuza kalekale. Hiroshima anaiphulitsa pa 6 Ogasiti, ndipo a Soviet anayesa lawo pa 29 Ogasiti 1949.

Gawo lalikulu la miyala ya yureniyamu ya mabomba oyamba a America linachokera ku mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, dera la Congo lochita malire ndi Zambia. Ya a Soviet yambiri ankaikumba m'dera limene linali East Germany, m'mapiri a Erzgebirge, ndipo anthu ochuluka ogwira m'migodiyo anadwala mapapo.

Lachitatu: Khoma

Amene akufuna kulimvetsa Khoma la Berlin asayambire pa Checkpoint Charlie, chipata chotchuka chimene chinali pamalire a East ndi West Berlin. Ayambire ku Bernauer Straße, atsike S1 pa Nordbahnhof. Siteshoni imeneyi payokha inali imodzi mwa zotsekedwa: sitima za kumadzulo zinkadutsa pansi pa East Berlin osaima, okwera n'kumaona asilikali mu mdima pa pulatifomu.

Pakati pa 1949 ndi 1961 anthu pafupifupi 2.7 miliyoni anathawa ku East Germany, ambiri a iwo achinyamata ophunzira, madokotala ndi amisiri. Usiku wa pa 13 Ogasiti 1961 boma linatchinga malire ndi waya waminga, khoma linabwera pambuyo. Linazungulira West Berlin yense, makilomita 155.

Kwerani nsanja ya tsidya la msewu, n'njaulere. Pamwambapo mumaona kuti silinali khoma limodzi. Munthu wothawa kuchokera kummawa ankayamba wakwera khoma la mkati. Kenako panali mpanda wa waya umene ukakhudzidwa unkatumiza chizindikiro ku nsanja ya alonda, nthawi zina mosaliza belu, kuti wothawayo asadziwe kuti aonekera. Kutsogolo kwake msewu wa alonda, magetsi owala usiku wonse, mchenga wosalazidwa ndi leki kuti phazi lililonse lioneke, ndipo pomaliza khoma lotchukalo, mamita 3.6 kutalika, lokhala ndi chipaipi chachikulu pamwamba kuti dzanja lisapeze pogwira. Mchengawo unkagwiranso alonda eni ake: akuluakulu akapeza mapazi pamalo pako iwe osawombera, mlandu unali wako. Anthu osachepera 140 anafa chifukwa cha khomali. Woyamba anali Ida Siekmann, amene anadumpha pa windo la nyumba yake mu msewu womwewu pa 22 Ogasiti 1961.

Ngalande zambiri zothawira anazikumba kuno chifukwa cha dothi. Berlin yambiri ndi mchenga ndipo madzi ali pafupi, ukakumba pang'ono dzenje limadzadza kapena kugumuka. Bernauer Straße ili pamtunda, dothi lake n'lolimba. Ngalande ya mu Okutobala 1964 inayambira m'chipinda cha pansi cha bekale yosiyidwa, inatsika mamita 12 n'kuyenda mamita 145, ndipo anthu 57 anadutsamo chokwawa m'masiku awiri asanaitulukire. Njira yake anaiika zizindikiro zachitsulo pa kapinga.

Madzulo tapita pa Checkpoint Charlie, U6 pa Kochstraße. Kanyumba kamene kali pakati pa msewu n'kongoyerekeza, kenikeni kali ku Dahlem. Komabe imani pamphambanoyo muyeze ndi maso. Pa 27 Okutobala 1961 akasinja a America ndi a Soviet, pafupifupi khumi mbali iliyonse, analozana mizinga pano ali ndi zipolopolo zenizeni, kwa maola 16. Chiyambi chake chinali chaching'ono: alonda a East Germany anafuna kuona ziphaso za kazembe wa America amene ankapita kukaonera zisudzo ku East Berlin. Akasinjawo anabwerera m'mbuyo mmodzimmodzi pa 28 Okutobala. Patangopita masiku awiri, a Soviet anaphulitsa ku Arctic bomba la mamegatani 50, mphamvu yake kuposa la Hiroshima maulendo oposa 3,000.

Lachinayi: Phanga la pa Pankstraße

Ili ndiye tsiku lofunika pa ulendo wonse. Malowa mumalowamo ndi bungwe la Berliner Unterwelten lokha, ndipo malo amatha msanga, choncho gulani tikiti pa intaneti masiku angapo zisanachitike, musankhe ulendo wa m'Chingerezi wokhudza Nkhondo ya Mawu. Valani nsapato zotseka ndi juzi ngakhale kunja kukutentha. Kujambula n'koletsedwa, ndipo masitepe ndi ambiri.

Mumayambira pa phanga la Blochplatz pafupi ndi Gesundbrunnen, la nthawi ya Nkhondo Yachiwiri koma lokonzedwanso m'zaka za m'ma 1980. Linali la anthu 1,318, kwa maola 48 okha. Kenako mumakwera U8 siteshoni imodzi kupita ku Pankstraße. Anthu amatsika ndi kukwera pamenepa tsiku ndi tsiku osadziwa kuti siteshoni yonseyo, imene inatsegulidwa mu 1977, ndi phanga lobisalamo nkhondo ya nyukiliya, la anthu 3,339 kwa milungu iwiri. Zitseko zolemera za chitsulo ndi konkire zikanatseka makomo ndi njanji mbali zonse, sitima ziwiri zikanaimikidwa mkati kuti anthu azikhalamo, ndipo pa pulatifomu akanamangapo mabedi osanjikiza.

Milungu iwiriyo sanangoilota. Bomba likaphulikira pafupi ndi nthaka limayamwa dothi n'kulibweza ngati fumbi lotulutsa cheza chakupha. Chezacho chimachepa motsata lamulo losavuta kuloweza: nthawi ikachulukitsidwa ka 7, mphamvu imatsika ka 10. Mukayeza ola limodzi bomba litaphulika, pofika maola 7 kwatsala gawo limodzi mwa 10, pofika maola 49 limodzi mwa 100, ndipo pofika milungu iwiri limodzi mwa 1,000. Chotchinga nacho chili ndi masamu ake. Konkire wokhuthala masentimita pafupifupi 6 amadula cheza cha fumbilo ndi theka, dothi lotsendereza limafuna masentimita 9. Mukasanjikiza kakhumi, masentimita 60 a konkire kapena 90 a dothi, chimene chimadutsa ndi gawo limodzi mwa 1,000. Pa fumbi, phangali likanathandizadi. Bomba likanagwera pamwamba pake kapena pafupi, palibe akanatsala.

Mpweya ndiwo mtima wa phanga lamtunduwu. Wa kunja umayamba wadutsa mu mchenga wochuluka, umene umagwira fumbi, kuuziziritsa ngati kunja kukuyaka moto, ndi kuchepetsa mphamvu ya kuphulika. Ukatero umadutsa m'masefa a makala ogwira mpweya wa poizoni. Mafani amaukankhira mkati mwamphamvu kuti wa mkati uzipanikiza kuposa wa kunja, kotero pakakhala mng'alu, mpweya umatuluka, sulowa. Magetsi a mumzinda akathima pali jenereta ya dizilo, ndipo madzi amachokera pa chitsime cha phangalo. M'mapanga ang'onoang'ono mafani ankawapukusa ndi manja mosinthana, koma wopukusayo amapuma kwambiri n'kumatha mpweya womwewo.

Vuto lina limene anthu saliganizira ndi kutentha. Munthu wongokhala amatulutsa kutentha kwa mawati pafupifupi 100. Anthu 3,339 ndiye kuti makilowati oposa 330, chimodzimodzi kuyatsa mbaula zamagetsi 330 m'nyumba yopanda windo, usana ndi usiku, kwa masiku 14. Onjezani thukuta ndi mpweya wa m'kamwa, makoma azichucha madzi, zovala zisaume, chifuwa cha mmodzi chifalikire onse. Zimbudzi za m'mapanga amenewa anaziika makatani m'malo mwa zitseko, ndipo magalasi odziyang'anira ndi achitsulo, kuti wina asadzitsekere kapena kuswa galasi n'kudzipha. Amene anajambula mapulani ankadziwa bwino lomwe mmene mitima ya anthu ikanakhalira mmenemo.

Khomo lolowera ndi limene limasautsa mtima kuliona. Lili ndi zitseko ziwiri, chimodzi sichitseguka chinzake chisanatsekedwe, ndipo anthu amalowa kagulu kochepa nthawi imodzi, akuwerengedwa. Chiwerengero chikakwana, basi, chifukwa mpweya ndi madzi anaziwerengera anthu amenewo. Panalibe mndandanda wa mayina, wofika msanga ndiye wolowa. Mapanga onse a West Berlin pamodzi sakanakwanira ngakhale anthu awiri pa 100 alionse. Ndiponso phanga silinkakhala lokonzeka: kumanga mabedi, kubweretsa chakudya ndi kuyesa makina zinkafuna masiku ambiri a chenjezo, pamene mzinga wa nyukiliya woponyedwa mkati mwa Europe unkafika pa mphindi zochepa. Ndipo amene akanatuluka pa tsiku la 15 akanapezeka mu mzinda wozunguliridwa ndi East Germany, makilomita oposa 150 kuchoka kumalire a kumadzulo.

Uinjiniya wake ndi weniweni ndipo amisiri ake anaugwira moona mtima. Koma ife tatulukamo tikuona kuti ntchito yaikulu ya phangali inali yoti anthu apamwamba pamsewu azikhulupirira kuti boma lili ndi pulani.

Lachisanu: Omvetsera

M'mawa, U3 mpaka Oskar-Helene-Heim, ku AlliiertenMuseum. Pabwalo pali ndege ya Hastings imene inanyamulako malasha aja ndi kanyumba kenikeni ka Checkpoint Charlie. Mkati muli chidutswa cha ngalande ya mamita 450 imene America ndi Britain anakumba kuchokera ku Rudow kukalumikiza mawaya awo ku matelefoni a asilikali a Soviet. Inagwira ntchito miyezi 11 mpaka Epulo 1956. Akazitape a Soviet a KGB ankaidziwa isanakumbidwe n'komwe, anauzidwa ndi George Blake wa ukazitape wa Britain, koma anaisiya kuti asamuulule.

Teufelsberg ndi phiri lopangidwa ndi zigumukire za nyumba zophwasulidwa pa Nkhondo Yachiwiri, mamita 120, ndipo pamwamba pake pali mabwinja a siteshoni imene a America ndi a Britain ankamvetserapo mawailesi a kummawa. Kuchoka pa siteshoni ya Heerstraße ndi theka la ola wapansi, chitunda, ndipo pakhomo pamalipiritsa. Ngati nthawi yachepa, kuno mukhoza kudumphako.

Kumene simuyenera kudumpha ndi ku likulu la Stasi, apolisi achinsinsi a East Germany, U5 pa Magdalenenstraße. Mu 1989 apolisi achinsinsiwa anali ndi antchito 91,000 ndi akazitape a m'makomo, m'matchalitchi ndi m'masukulu oposa 170,000, m'dziko la anthu 16 miliyoni. Mafailo amene anatsala, kuwaika pa shelefu imodzi, ndi makilomita 111. Ofesi ya nduna Erich Mielke ili mmene anaisiyira, matelefoni ake ali patebulo.

Chigawo chino cha kummawa chili ndi ubale ndi anansi athu. Mozambique inasainirana pangano ndi East Germany mu 1979, ndipo achinyamata zikwizikwi anabwera kudzagwira ntchito m'mafakitale. Gawo la malipiro awo ankalidula ponena kuti akalilandirira kwawo, ndipo ambiri sanalione. Ndi amene amatchedwa madgermanes, amene akhala akuguba ku Maputo Lachitatu lililonse. Ana pafupifupi 900 a ku Mozambique anaphunzira ku Staßfurt kuyambira 1982 mpaka 1988. Nthawi yomweyo kwawo kunali nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inathawitsira ku Malawi anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Ku Berlin akasinja analozana osawombera, koma ku Tete ndi ku Zambezia mfuti zinalira ndithu.

Loweruka: Ana a 1983

Lero tayenda wapansi kuchoka ku Bernauer Straße kupita ku tchalitchi cha Zionskirche, mphindi khumi. M'chipinda cha pansi cha nyumba ya abusa a pano achinyamata anatsegula laibulale mu 1986 n'kumasindikiza mwachinsinsi nkhani za mtendere ndi za chilengedwe, mpaka Stasi inawathyolera mu Novembala 1987.

Mwana wa nthawi imeneyo mantha ankawaphunzira kusukulu. Ku America m'zaka za m'ma 1950 ana ankayeserera kulowa pansi pa desiki n'kuphimba khosi, zimene zimateteza ku magalasi osweka ngati bomba lagwera kutali, osati kuposa apo. Ku West Germany ankayesa masairini kawiri pachaka, ndipo ana ankadziwa kuti kulira kokwera ndi kutsika kwa mphindi imodzi ndi chenjezo la ndege. Ku East Germany, kuyambira mu Sepitembala 1978, maphunziro a usilikali anakhala okakamiza m'kalasi 9 ndi 10. Anyamata ankapita ku kampu masiku 12 kukaguba ndi kuphunzira kuwombera, atsikana ankatsala pasukulu kuphunzira kumanga mabala ndi kuvala zophimba kumaso zoteteza ku mpweya wa poizoni.

Matchalitchi anakana maphunzirowa. Chizindikiro chawo anachitenga pa Mika 4:3, pamene pamanena za kusula malupanga kuti akhale zolimira, ndipo chithunzi chake anachitengera pa chiboliboli chimene a Soviet eni ake anapereka ku United Nations mu 1959. Anachidinda pa nsalu, chifukwa kudinda pa pepala kunkafuna chilolezo cha boma koma pa nsalu ayi. Achinyamata anachisokera pa mikono ya majekete. Apolisi ndi aphunzitsi anayamba kuwalamula kuti achisomole, ena anachotsedwa sukulu, ndipo ena anayamba kuvala chigamba choyera kapena kusiya bowo pamalo pake.

Chaka cha 1983 chinali choopsa kuposa mmene anawo ankadziwira. A Soviet anali ataika mizinga ya nyukiliya ya SS-20, ndipo NATO, mgwirizano wa nkhondo wa mayiko a kumadzulo, inkakonzeka kuyankha ndi ya Pershing II 108 ku West Germany. Pa 1 Sepitembala a Soviet anagwetsa ndege ya anthu wamba ya ku South Korea, anthu 269 anafa. Pa 26 Sepitembala makompyuta a pafupi ndi Moscow anaonetsa mizinga isanu ikuchokera ku America. Msilikali amene anali pa ntchito usiku umenewo, Stanislav Petrov, anaganiza kuti dziko lofuna kuyamba nkhondo silingaponye isanu yokha, komanso ma radar a pansi sankaona kanthu, ndiye anapereka lipoti loti makina alakwitsa. Chinanamiza setilaiti chinali kuwala kwa dzuwa pa mitambo ya m'mwamba. Pa 22 Okutobala anthu anagwirana manja makilomita 108 kuchoka ku Stuttgart mpaka Neu-Ulm pokana mizinga ya Pershing II ija. Nyumba ya malamulo ya West Germany inaivomerezabe pa 22 Novembala.

Pofika 1986 dziko lonse linali ndi mabomba a nyukiliya pafupifupi 70,000. Atsogoleri Reagan wa America ndi Gorbachev wa Soviet Union anasaina pangano pa 8 Disembala 1987 limene linaonongetsa mizinga 2,692, ma SS-20 ndi ma Pershing II onse ali momwemo. Khoma linatseguka pa 9 Novembala 1989. Pangano lija linatha mphamvu mu Ogasiti 2019, ndipo mabomba amene alipo pano ndi pafupifupi 12,000.

Boma la Germany linasiya kusamalira mapanga ake mu 2007 n'kuyamba kuwagulitsa kapena kuwabwezera eni malo. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022 linaimitsa zimenezo n'kuwerenga otsala. Linapeza 579, okwanira anthu osafika 500,000 m'dziko la anthu oposa 83 miliyoni.